Tsiku Limene Sibale Anatchinga Khomo

Chigayo cha Anock Sibale chinali m'mbali mwa msewu wafumbi wa ku Chisenga, moyang'anana ndi mapiri a Mafinga. Chinkagaya chimanga, mawere ndi chinangwa, koma anthu ankati chimene chinkagayidwa kwambiri pamenepo ndi nkhani. Amayi akakhala pamatumba awo kudikira mzere, ankachita kufuula kuti amvane ndi phokoso la injini, ndipo nkhani yolowa pakhomo ili njere inkatuluka ili ufa, yongodikira mphepo.

Mwini chigayoyo anali bambo wamtali, wowonda, wa tsitsi loyera ndi ufa moti panalibe wodziwa ngati imvi zinayamba kale kapena ayi. Akaseka pankaoneka mpata wa dzino lakutsogolo. Dzino limenelo linatsala pabwalo la mpira kalekale, masiku amene dera lonselo linkatengedwa ngati munda wa chipani chimodzi, chipani cha Khasu. Nthawi imeneyo khansala sankasankhidwa kwenikweni. Akuluakulu ankabwera kuchokera ku Boma dzina lili kale m'thumba, anthu n'kuwomba m'manja, basi zatha. Wa chipani china akayerekeza kuchititsa msonkhano ankathamangitsidwa ngati galu wolowa m'khitchini. Anock anali wa Khasu mpaka m'mafupa, koma tsiku lina anaima pakati pa anyamata a chipani chake ndi kagulu ka anthu a chipani cha Nyali, n'kunena kuti awasiye alankhule. Chibakera chimene chinali cha mlendo chinatera pakamwa pake.

Dzino litachoka, mawu anapeza potulukira. Anock anayenda m'mipingo, kwa mafumu ndi ku komiti ya msika, kunena chinthu chimodzi chomwecho mpaka anthu anatopa naye: aliyense wofuna mpando apatsidwe tsiku lake pabwalo, anthu amve okha, asankhe okha. Pakhoma la chigayo chake analola chipani chilichonse kumata zithunzi zake. Mkazi wake, Lines Nakayuni, ankapukusa mutu akaona nkhope za a Nyali zikumwetulira pakhoma lawo.

"A Sibale, mukuitanira njuchi m'nyumba," ankatero.

"Uchi umabwera ndi njuchi zomwezo, Nakayuni," ankayankha Anock, n'kubwerera ku injini yake.

Zaka zitapita, zimene ankalirira zija zinatheka. Misonkhano inayamba kuchitika popanda mwala kuuluka. Ndipo chisankho china chitayandikira, anthu a Khasu m'wodimo ananena kuti amene akuyenera kuwaimira pa ukhansala ndi Anock yemweyo. A Nyali anaimika Gloria Namsukwa, mayi wamasiye wogulitsa nyemba, wa lilime lakuthwa, amene amayi a pamsika ankamukonda chifukwa sankaopa munthu. Kampeni ya Anock inkatsogoleredwa ndi Safeli, mwana wa mlongo wake, mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto amene anakulira pakhomo pa Anock bambo ake atamwalira. Safeli ankawakonda amalume akewo ndi mtima wonse. Anayenda midzi yonse ya m'munsi mwa phiri, mawu mpaka kusasa, akulonjeza aliyense kuti ulendo uno mpando ukupita kwa munthu woyenera.

Anthu anavota, mavoti anawerengedwa, ndipo Gloria anapambana. Kusiyana kwake kunali kochepa ngati mpata wa pakati pa chala ndi chikhadabo.

Tisaname, zinamupweteka Anock. Tsiku limenelo sanadye. Anakhala kuseri kwa nyumba akuyang'ana phiri, akudzifunsa kuti anthu amene anawamenyera nkhondo zaka zonsezi anamuona chiyani cholakwika. Koma kutacha anatsegula chigayo monga mwa masiku onse, n'kuliza injini.

Dzuwa lisanakwere kwenikweni, Safeli anatulukira pa njinga yake fumbi lili koboo. Sanapereke ndi moni womwe. Anamukokera Anock panja, kutali ndi phokoso, n'kumuika foni kukhutu.

"Asibweni, tamverani izi. Atibera dzuwa likuswa mtengo."

M'fonimo munali mawu a mwamuna wolankhula motsitsa, ngati wobisala pansi pa bedi. "Abale anga, ine ndine munthu wa mkati. Dzina sinditchula, angandiphe. Mavoti ochonga kale analowera ku Zambia, m'thumba, pa njinga yamoto. Anakawatsitsira kunyumba kwa mphunzitsi wa kummwera uja. Mumayesa aphunzitsi ndi anamwino onsewa anawatumiza kuno chifukwa chotikonda? Anawadzala kalekale ngati mbewu, lero akolola. Tumizirani ena asanaufufute."

Mphunzitsi amene ankanenedwayo anali Mayi Chrissy Likoswe, ochokera ku Chiradzulu. Boma linawatumiza pa sukulu ya pulaimale ya pamenepo zaka zingapo m'mbuyomo, ndipo ankakhala m'nyumba ya aphunzitsi ndi kamwana kawo kakakazi, Monalisa. Anali ataphunzira kupereka moni wa Chitumbuka, ankaimba kwaya, ankalima kadimba ka mpiru kuseri kwa nyumba. Pa chisankhocho ndiwo anapatsidwa ntchito yoyang'anira malo ovotera a pasukulupo, amene anali aakulu kuposa ena onse m'wodimo.

Anock anamvetsera mpaka pamapeto, n'kubweza foniyo.

"Ameneyu ndani?"

"Munthu wa mkati, asibweni."

"Mkati mwa chiyani?"

Safeli anakanda m'mutu. "Wanena yekha kuti sangatchule dzina."

"Iwe Safeli, suja unali monita wathu pasukulupo? Bokosi sanalitsegule uli pomwepo, n'kukuonetsa kuti mulibe kanthu? Powerenga sunali pomwepo?"

"Ndinalipo, enya. Koma ndinatulukako kamodzi kukataya madzi."

"Anzako aja anapita nawe konko?"

"Anatipatsa tiyi, asibweni. Ndani akudziwa chimene anathiramo? Ine mutu unkandilemera."

"Unkakulemera chifukwa sabata yonse sunagone. Pita ukagone, mwana wa mlongo wanga. Taluza."

Safeli anawayang'ana amalume akewo ngati akuona mlendo. Analiza njinga n'kuchoka osatsanzika.

Bodza la mtundu umenewu lili ngati kapinga: ukadula pano limaphukira apo. Panali mnyamata wina wa kabaza amene anavomera kuti iyeyo ndiye anakasiya thumba kwa Mayi Likoswe chisankho chili pafupi, koma anati munali nyemba zimene mayiwo anagula kumudzi. Anthu anati naye wadyetsedwa chibanzi. Mayi Likoswe atakhala chete, anati chikumbumtima chikuwadya. Atatuluka n'kupereka moni pamsika, anati taonani kulimba mtima kwa mbava. Wokayikira aliyense ankasanduka umboni watsopano woti chiwembucho n'chachikulu kuposa mmene ankaganizira. Anthu amene dzulo lake ankabwerekana mchere anayamba kufunsana kuti kodi uje uja kwenikweni kwawo n'kuti.

Anock sanakhale manja lende. Anatseka chigayo masana ena n'kuyendera mmodzimmodzi anthu onse amene anali mamonita a chipani chake, kuwafunsa chimene anaona. Aliyense anali atamva zambiri. Woona analibe.

Tsiku la msika litafika, Anock ali pakati pogaya chimanga cha mayi wina, Lines anabwera akuthamanga kuchokera kumjigo, ndowa ataisiya konko.

"A Sibale! Anyamata asonkhana pamsika, akuti akupita kusukulu. Safeli wanyamula chigubu cha petulo!"

Anock anazimitsa injini chimanga chili m'kamwa mwa chigayo. Sanasambe, sanavule ovolosi. Anadutsa njira yachidule ya m'minda, mapesi akumukala m'miyendo, ndipo anafika panyumba ya mphunzitsiyo nyimbo za anyamata zikumveka kale kumsewu. Anapeza Mayi Likoswe ataima pakhonde, mwana atamukumbatira pachifuwa, osadziwa kothawira.

"Monire, adada," anatero mayiwo. "Kodi mwabwera nawo?"

"Lowani m'nyumba, amama. Mukhome chitseko. Musatuluke mpaka ndikuuzeni."

Chitseko chitatsekedwa, Anock anaima pakhomo penipeni, msana atautsamiritsa kuchitseko, manja atapinda pachifuwa.

Gululo linafika lili lalikulu kuposa mmene ankayembekezera. Panali anyamata a zibonga ndi miyala, panali amayi amene ankagayitsa kwa iye, panalinso azibambo amene ankakhala nawo benchi limodzi kutchalitchi. Patsogolo panali Safeli ndi chigubu chake chachikasu. Ataona munthu woyera ndi ufa ataima pakhomo, nyimbo inazilala yokha.

"Asibweni, chokanipo apo," anatero Safeli. "Ife sitikufuna inu."

"Ndikudziwa. Koma khomo ndi limodzi, ndipo ndaimapo ndine."

"Atulutse thumba lija!" wina anafuula kumbuyo. Ena anavomereza.

Anock asanayankhe, zenera linatseguka. Mayi Likoswe anakankhira thumba panja ndi mphamvu zawo zonse, ndipo linagwa pansi n'kuphulika. Nyemba zinamwazika pakhonde ponse mpaka kumapazi a anthu. Kenaka mawu anamveka: "Wasintha! Mukuganiza angasunge mavoti mpaka lero?" Gulu lonse linayambanso kusokosera, mokwiya kuposa poyamba, ngati kuti nyembazo zawatukwana.

Pamenepo Anock anazindikira kuti anthu amenewa sakufuna umboni. Anakweza dzanja, ndipo chifukwa anali atazolowera kulankhula mopitirira phokoso la injini, mawu ake anafika mpaka kwa womaliza.

"Mavoti amene mukuti abedwawo ndi a ndani? Si anga? Mbuzi yabedwa ndi yanga, nanga inu mukulira bwanji kuposa mwini wake? Tamverani. Amene anaona ndi maso ake, osati ndi khutu, abwere aime apa. Tikwera njinga pompano, tipite ku Boma, tikasume kukhoti. Pakafunika loya ndigulitsa chigayo. Mayiwa akapezeka olakwa, woyamba kuwaperekeza kupolisi ndidzakhala ine. Ndani anaona? Abwere."

Aliyense anayang'ana mnzake, mnzakeyo n'kuyang'ana foni. Palibe anasuntha.

"Akugulani!" anakuwa mnyamata wina. "Mwadya ndalama za Gloria!"

Mwala unachokera pakati pa gulu n'kumupeza Anock pamwamba pa diso. Anadzandira, n'kugwira felemu la chitseko, koma sanagwe ndipo sanachoke. Magazi anatsika pankhope yoyera ndi ufa ija, ofiira moti ngakhale amene anali kumbuyo anawaona. Mayi wina anakuwa n'kudzigwira pamutu. M'nyumba, kamwana kanayamba kulira.

Safeli anaika chigubu pansi. Nkhope yake inali itasintha.

"Asibweni, ife timachitira inu."

"Ngati mukuchitira ine, bwererani kwanu. Ine ndinapempha anthu kuti andisankhe, ndipo akana. Sindinapemphe munthu kuti andiwotchere mwana wa mwini. Ukumumva akulira m'nyumbamu? Ngati petuloyo wakuyabwa m'manja, yambira pano pamene ndaimapa. Ukatero upite ukawauze amayi ako chimene wachita ndi mlongo wawo."

Palibe mnyamata wa kumeneko amene angathire petulo pamapazi a amalume ake anthu akuona. Safeli anatola chigubu chake n'kutembenuka. Amayi ndiwo anayamba kuchoka, atafunda zitenje kumutu ngati akuchokera kumaliro. Azibambo anatsatira mmodzimmodzi. Anyamata anatsalira akutukwana chapatali, koma moto wopanda nkhuni suchedwa kuzima. Pamene apolisi ankafika kuchokera ku Boma dzuwa litapendeka, anapeza bambo mmodzi atakhala pakhonde, mphunzitsi akumutsuka bala ndi madzi a mchere, nkhuku zikutola nyemba.

"Yewo chomene, adada," anathokoza Mayi Likoswe akumanga balalo. "Koma ine mawa ndinyamuka. Ndikapempha kuti andisamutse. Sindingakhale pamalo pamene anthu akufuna kundiwotcha."

"Sindingakuletseni, amama. Mwana ndi wanu, moyo ndi wanu. Koma mukachoka, adzati mwathawa chifukwa munaba. Ndipo ana athuwa adzatsala akuphunzitsidwa ndi munthu wa m'foni uja."

Madzulo omwewo Lines anabwera n'kuwatenga mayiwo ndi mwana wawo kupita nawo kwawo. Anakhala kumeneko mpaka mitima itatsika. Mayi Likoswe sanapemphe kusamuka.

Wina angaganize kuti zitatero anthu anamunyamula Anock pamapewa. Sizinatero ayi. Mavuto ake anayambira pomwepo.

Patangopita masiku ochepa kunabwera galimoto kuchokera ku Boma, mutakwera a Martin, mmodzi wa akuluakulu a chipani cha Khasu. Anali munthu wa mawu ofewa ndi nsapato zonyezimira. Anakhala pampando umene Lines anawapatsa, n'kuyamba ndi kupepesa za bala.

"A Sibale, zowotcha nyumba ifenso sitigwirizana nazo. Koma pali kanthu kamodzi kakang'ono. Loweruka tichititsa msonkhano pabwalo. Inu mungoima n'kunena kuti anakuberani. Basi. Anthu akakhala okwiya sabalalika, ndipo chisankho chikubwerachi tidzawapeza ali pamodzi."

"Nanga ngati sanandibere?"

A Martin anaseka. "Ndale, a Sibale. Ndani adzafunse?"

"Ndidzadzifunsa ndekha. Ndafufuza, sindinapeze kanthu. Mukandibweretsera umboni lero, mawa tili kukhoti. Koma ndikawauza anthu kuti voti yawo ilibe ntchito ndikudziwa kuti ndikunama, tsiku lina adzandikhulupirira. Akadzasiya kukhulupirira bokosi, adzakhulupirira chibonga. Ndipo chibonga sichifunsa kuti ndiwe wa chipani chanji."

A Martin anaimirira n'kusasa fumbi pathalauza. Sabata isanathe, Anock anamva pamsika kuti wachotsedwa m'chipani chimene anachitumikira kuyambira ali mnyamata.

Pakhoma la chigayo wina analembapo ndi khala kuti Yudasi. Amayi a Khasu anayamba kusenza matumba awo kupita ku chigayo china kutsidya kwa mtsinje, ndipo masiku ena injini ya Anock inkakhala chete mpaka madzulo. Kutchalitchi, benchi limene ankakhala linkatsala ndi malo ambiri. Safeli akamadutsa pa njinga ankayang'ana kumbali. A Nyali nawo sanamusiye: anyamata awo akamachokera kumowa ankaima pamsewu n'kumuimbira nyimbo zomuseka kuti wagwa chagada.

Gloria nayenso sanakhale mngelo. Mjigo woyamba umene unabwera m'wodimo unakakumbidwa kufupi ndi kwa abale ake, pamene midzi ya kuphiri inkamwabe madzi a m'zithaphwi. Anthu a Khasu ankamuloza Anock ndi chala. "Si uyo khansala wanu munamuteteza uja? Imwani mjigowo."

Tsiku lina Lines analephera kupirira. Anali atakhala pakhomo la chigayo chopanda anthu, akupeta mawere.

"A Sibale, mwapindulanji? Chipani chakutayani, mwana wa mlongo wanu sakupatsani moni, amene munamusiyira mpando akudya yekha. Mukanangonena mawu awiri aja pabwalo, bwenzi lero tili pabwino."

"Gloria sindinamusiyire mpando ine. Anamupatsa ndi anthu."

"Anthu ake ati? Omwe akukutukwananiwa?"

"Omwewo. Ndinkalimbana kuti azisankha okha. Sindinanene kuti azisankha ine."

Koma sanangokhala n'kumayang'ana. Msonkhano wa chitukuko utaitanidwa, Anock anapita n'kukhala kutsogolo. Nthawi ya mafunso anaimirira, chipewa chili m'manja.

"A khansala, ndinu khansala wanga, ngakhale sindinakuvotereni. Ndikufuna mundiuze chifukwa chake mjigo wapita kumene kuli kale chitsime, pamene kuphiri ana akutsegula m'mimba."

Anyamata a Nyali anayamba kumukuwiza kuti akhale pansi, woluza alibe mawu. Gloria anawayang'ana ndi diso limodzi lokha, ndipo anyamatawo analeka.

"Musiyeni alankhule," anatero. "Bambo ameneyu akanafuna, bwenzi ine ndilibe ndi nyumba yomwe."

Yankho limene anapereka tsikulo linali lozungulira, koma mjigo wachiwiri unapita kuphiri. Kuyambira pamenepo panalibe msonkhano umene Anock anaphonya, ndipo Gloria ankadziwa kuti akanena bodza pali munthu wa chipsera pamwamba pa diso amene aimirire.

Nthawi yomweyo kunkamveka za dera lina kuseri kwa mapiri, kumene uthenga wofanana ndi uja unafika koma pakhomo panalibe woima. Kumeneko nyumba zinapsa. Aphunzitsi ndi namwino anathawa osabwereranso, sukulu inakhala yotseka teremu yathunthu, ndipo dzinja limenelo amayi oyembekezera ankanyamulidwa pamachira mtunda wautali. Anyamata angapo anakathera kundende, akuluakulu amene ankawatuma ali phee m'nyumba zawo. Anthu a ku Chisenga ankamva zimenezi n'kumayang'ana ana awo akupita kusukulu m'mawa. Pang'onopang'ono amayi anayamba kubwerera ku chigayo cha Anock, ena akunamizira kuti mtsinje wadzaza, ena akuti ufa wa kutsidya ndi wokhakhala. Palibe anapepesa, ndipo Anock sanafunse munthu kuti unali kuti. Ankangolandira thumba n'kuthira m'chigayo.

Zaka zinadutsa, chisankho china chinafika. Anock anaima payekha, wopanda chipani. Gloria anaimanso. A Khasu anaimika Safeli, amene tsopano anali ndi banja, njinga zingapo zoyendetsa anyamata, ndi pakamwa potha kukopa anthu. Kampeni inali yotentha, mauthenga a m'mafoni anayendanso monga kale, koma ulendo uno munthu akabweretsa nkhani pachigayo amayi ankamufunsa kuti, "Unaona ndi maso kapena ndi khutu?"

Woyang'anira malo ovotera a pasukulu anali Mayi Likoswe omwe aja, amene tsopano anali mphunzitsi wamkulu. Mavoti atawerengedwa, m'mawa mwake anthu atadzaza pabwalo la sukulu, zinadziwika kuti wapambana ndi Safeli. Gloria anakhala wachiwiri. Anock anatsalira kutali.

Anyamata a Nyali anayamba kung'ung'udza. Wina anati mphunzitsi uja wagulidwa ndi a Khasu, wina anati anaona njinga ikuzungulira kuseri kwa makalasi. Manja anayamba kufunafuna miyala. Gloria anakwera pachitsa n'kuwakalipira ngati ana ake.

"Yayi! Ine ndinapambana ndi bokosi lomweli, akuyang'anira mayi omwewa. Tsiku limenelo silinali lobowoka, lero labowoka liti? Amene ali ndi umboni abwere tipite kukhoti. Amene alibe, kwawo!"

Anatsika n'kudutsa pakati pa anthu mpaka pamene panali Safeli, n'kumugwira chanza. Safeli analandira dzanjalo, koma maso ake anali kwina. Mayi Likoswe anali ataima pakhonde la kalasi, atatopa, maso ali psuu. Khansala watsopanoyo anapita pafupi nawo, anavula kapusi, n'kuyang'ana pansi nthawi yaitali.

"Yewo, amama," anatero potsiriza, motsitsa kwambiri.

"Mukagwire ntchito, a khansala," anayankha mayiwo. "Denga la kalasi iyi likudontha."

Anock naye anapita kukamugwira chanza mwana wa mlongo wakeyo, kenaka iye ndi mkazi wake anauyamba wa kunyumba. Ali m'njira, Lines ndiye anayamba.

"Ndiye zimenezi ndi zimene munavutikira, a Sibale? Kuti mpando ukathere kwa Safeli? Safeli yemwe uja?"

"Yemweyo."

"Mukuona ngati autha?"

"Sindikudziwa. Ine sindinamuvotere. Msonkhano wake woyamba akandipeza kutsogolo ndi mafunso anga. Akalephera tidzamuchotsa monga tamuchotsera Gloria, ndipo adzachoka." Anaima n'kutembenuka kuyang'ana kumene ankachokera. Anthu ankabalalika m'tinjira tosiyanasiyana, ena akuimba, ena ali ndwii, amayi a Khasu ndi a Nyali akuthandizana kusenza madengu a kumsika. "Taona, Nakayuni. Opambana akupita kwawo, oluza akupita kwawo. Kumwamba kulibe utsi."

Lines anayang'ana, n'kupumira m'mwamba. "Koma inu ndiye simudzakhalapo pampando umenewo."

"Mwina ayi. Tiye, anthu akudikira kugayitsa."

Anock Sibale sanakhalepo khansala mpaka lero. Chimene anachilirira chinabwera, koma sichinabwere chokha: chinadza ndi kuluza, ndi kunyozedwa, ndi atsogoleri amene iye sakanawasankha. Ambiri aife timafuna ufulu wosankha malinga ngati wosankhidwayo ndi wathu, ndipo zikatembenuka timafunafuna mfiti yoti tiiloze. Iye anadziwa kuti sungapemphe kumwamba kuti kugwe madzi a m'munda mwako okha, a panjira ayi. Anaponda m'thope maso ali kumbewu, pakuti akuluakulu anati walira mvula walira matope.